Nkhuku ya Bondo la Damiano

Ku Amereka
21 Seputembala 1975

Okondedwa achimwene a Sebastiano,

Muli tani kumeneko ku Makhanga? Amayi ali bwanji ndi msana wawo uja? Nanga alongo athu a Filomena ku Chapananga mukumva zotani? Ine kuno ndili pyadidi, bwino ndithu, kungoti mphepo yayamba kale kuluma.

Ndikudziwa kuti kalata iyi muwerengera amayi pakhonde monga mwa masiku onse, ndiye chonde muwerenge pang'onopang'ono. Amayi, sukulu ija ananditumizako Bambo a ku mishoni ndamaliza, ndipo ndalembedwa ntchito. Ntchito yake ndi ya mpira. Musaseke, achimwene. Ndikudziwa kuti kwathu munkandiika pagolo chifukwa ndinkatseka malo ambiri, osati chifukwa cha luso. Koma mpira wa kuno ndi wina. Ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, ndipo timaunyamula m'manja. Amafuna anthu amatupi ngati ine. Thupi lomwe lija amayi ankadandaula kuti likutha mapira m'nkhokwe ndi limene landipezera ntchito.

Malo anga amawatcha tayiti endi. Timafola mzere anthu ojintcha okhaokha, ine kumapeto kwa mzerewo. Nthawi zambiri ntchito yanga ndi kutchinga. Mnzanga akanyamula mpira, ine ndimaika thupi langa pakati pa iye ndi amene akufuna kumugwetsa. Iye amadutsa, ine ndimatsala pansi ndi anthu awiri pamsana. Mwa apo ndi apo amandiponyera nanenso kuti ndiwakhe n'kuthamanga nawo. Lamulungu lapitali ndinawakha kawiri, ndipo anthu amene ankaonera akanadzaza dambo lonse kuyambira kwathu mpaka ku Chiromo. 

M'phukusili muli chithunzi cha amayi, ndi malaya ofiira a nambala 87 amene ndinavala tsiku loyamba. Malayawo ndi anu, achimwene, chifukwa amene anandiphunzitsa kusaopa mpira ndinu.

Mundiuze za timu yanu. Kodi mukugoletsabe monga kale? Madzi chaka chino anafika pati?

Ndine mphwanu,
Damiano


Makhanga
19 Okutobala 1975

Iwe Damiano,

Kalata yako yafika, ndipo ife tili moyo. Msana wa amayi unapola tsiku lomwelo limene anamva kuti mwana wawo walembedwa ntchito. Ine ntchito ndinalembedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, choko chandiyeretsa mpaka m'mapapo, koma msana umenewu sunapolepo.

Ndawerenga pang'onopang'ono monga unalamulira, bwana. Ndawerenga kanayi. Koyamba amayi okha, kachiwiri ndi azimayi a kutchalitchi, kachitatu ndi anthu amene anabwera ndi mwana wothyoka mkono kuti amayi amulumikize. Mwanayo anadikira ali kulira mpaka nditamaliza za papaya wako. Kachinayi sindikudziwanso kuti anali ayani, odutsa m'njira basi.

Tsono ndifunse nawo, popeza ndine mphunzitsi. Mpira wogwira ndi manja kuno amasewera ndi atsikana. Kumeneko ndi wa amuna? Ndiye ukuti ntchito yako ndi kutchinga kuti mnzako adutse. Aa, mphwanga, wawoloka nyanja yonseyo kukakhala chitseko? Pachithunzipa wavala mphika kumutu, kumaso mipiringidzo ngati wandende. Ine ndinati uyu angakhale munthu aliyense. Amayi anati ayi, ndi Damiano, ndamuzindikira miyendo.

Malaya ndathokoza. Ndinawayesa, anandifika m'mawondo, ana a sitandade 6 anaseka mpaka wina anagwa pa benchi. Amayi anandivula pomwepo, ati ndiwadetsa. Awapinda bwinobwino, awaika m'sutikesi muja amasungamo mankhwala awo a mafupa. Ndiye mphatso yanga ndimaiona amayi akatsekula sutikesi.

Sindikudandaula ayi. Ndingokukumbutsa, poti anthu akakhuta amaiwala. Bambo a ku mishoni anali ndi malo amodzi, ndipo dzina loyamba papepala lija linali langa. Atate atamwalira, amayi anati mwana woyamba sasiya mudzi. Ndege unakwerayo unakwera pa mpando wanga.

Wafunsa za timu. Chaka chino ndagoletsa zigoli khumi ndi zinayi, ndi phazi, monga mpira umakhalira. Ngati kumeneko amagulitsa nsapato za mpira weniweni, ndimavala sayizi 8.

Mkulu wako,
Sebastiano


Makhanga
6 Novembala 1977

Mlongo wanga Filomena,

Moni kwa iwe ndi alamu a Geresomo. Mvula yayamba kumeneko, kapena mbuzi zikudyabe minga? Unandilonjeza mbewu ya mapira, ndikudikirabe.

Ndikulembera iwe chifukwa kuno ndilibe womuuza. Kodi amayi athu dzina lawo ndani? Kuyambira ndili wakhanda mudzi wonse unkawatcha make Sebastiano, chifukwa mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana woyamba. Ngakhale kwathu kwa makolo, kutsidya kwa Zambezi, mwambo ndi womwewo. Lero pita pamsika ukamve. "Make Damiano, mwadzuka tani? Make Damiano, mwana walemba?" Ndipo iwo amayankha, Filomena! Amayankha mano onse pamtunda. Dzulo munthu wochokera ku Mlolo anaima pakhomo pa sukulu kufunsa njira ya kwa make Damiano, wolumikiza mafupa. Ndinamuuza kuti sindikuwadziwa.

Inenso dzina landithera. Ndine "achimwene ake a wa ku Amereka uja." Ahedi akufuna kuti kapepala ka m'nyuzi kamene anatumiza kaja tikamate mu ofesi. Akuti chaka chatha anawakha mpira makumi atatu ndi kamodzi. Kuwakha! Mwana aliyense pansi pa mtengo wa mango amawakha.

Mwezi wa Ogasiti timu yathu inatenga chikho cha m'dera lino. Zigoli ziwiri zonse ndinagoletsa ndine, chachiwiri ndi mutu, magazi ali chuchuchu pachipumi. Amayi sanabwere. Linali tsiku la sitima ya makalata, ndiye anakakhala pa siteshoni kuyambira m'mawa. Kalata sinabwere n'komwe.

Nsapato zija anatumiza. Zinandikwana ndendende, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipsetsa mtima koposa. Mwana ameneyu sakulakwira kuti upeze pomudera. Ukamunyoza amathokoza. Makalata ake pakhonde ndimawerenga ndine. Nthawi zina ndimadumpha mizere iwiri itatu, pamene akudzitama mosadziwa, ndipo palibe amene amazindikira. Ndi mphamvu yokhayo imene ndatsala nayo pakhomo pano.

Usandilalikire za Kaini, ndikuzidziwa, ndimaphunzitsa ndine. Kalata iyi ukawerenga usonkhere moto.

Mlongo wako,
Sebastiano


Ku Amereka
3 Okutobala 1978

Achimwene, ndi inu amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine sindili bwino, ndipo ndikulemba ndili chogona.

Lamulungu lapitali ndinali kutchinga munthu mmodzi, wina anandigwera cham'mbali pa bondo. Ndi bondo lamanzere. Ndinamva kuti thapu, ngati chingwe cha mwadiya, bwato lathu lija, chikaduka. Adokotala a timu akuti fupa silinathyoke koma mtsempha wa mkati wang'ambika. Akuti ndipume mpaka chaka chamawa. Koma kuno malo sadikira munthu, amayi. Pali mnyamata wina wochokera kusukulu chaka chomwechino, wathamanga kale pa malo anga ndipo akuchita bwino. Aphunzitsi a timu sanandibisire. Masewero amatha mu Disembala, ndipo ndikapanda kubwerera asanathe, chaka chamawa nambala 87 avala wina. Zaka zitatu ndagona pansi pa anthu kuti malo amenewa akhale anga.

Amayi, ndikupempha nkhuku. Ndikukumbukira chaka chija achimwene anathyoka mwendo pa bwalo la ku Chiromo. Munatenga msoti, munauthyola mwendo wa mbali yomweyo, munamanga onse awiri ndi bango ndi mankhwala amodzi. Munati tsiku limene nkhuku idzaponde pansi, nayenso adzaponda. Ndinaona ndi maso anga. Nkhuku inayenda Lachitatu, achimwene anataya ndodo Lachisanu. Ndikudziwanso kuti munachitirapo anthu amene anavulala ali ku migodi ku Joni, pongomangira nkhuku kansalu ka chovala chawo. Malaya ofiira aja muli nawo. Achimwene, pepani, adulako kachidutswa kakang'ono chabe.

Anzanga kuno ndikawauza angandiseke, ndiye sindiwauza. Adokotala ali ndi makina awo, koma sanandibereke. Ndidzamvera mawu anu. Mukadzati nkhuku yayenda, ndidzadzuka.

Ndibwereze, achimwene, kuti pasakhale chisokonezo: ndi lamanzere.

Mwana wanu,
Damiano


Makhanga
25 Okutobala 1978

Mwananga Damiano,

Ndine mai wako Luisa, akundilembera achimwene ako. Ndamva. Ndalira, koma misozi silumikiza mtsempha, ndiye ndapukuta.

Ndasankha msoti wakuda, wa nkhuku ija inaswa nthawi ya madzi osefukira osataya mwanapiye ndi mmodzi yemwe. Ndauthyola mbali imene andiwerengera achimwene ako, ndamanga ndi bango la mu mtsinje wa Ruo, mankhwala ndaika, kansalu ka malaya ako ndakulunga pamwamba. Msotiwo ukugona m'nyumba, pafupi ndi mphasa yanga. Iwe usaponde pansi mwamphamvu kufikira ndikuuze. Uzithowa ndi madzi ofunda m'mawa. Usadye nsomba yopanda mamba. Usachite mantha, manja awa sanabwezepo munthu wopunduka.

Mai wako,
Luisa

Apa ndikulemba ndine, Sebastiano. Amayi asiya dimba masiku anayi chifukwa cha nkhuku yako. Ikudya mpunga. Ine nditagwidwa malungo sabata yathayi anandipatsa maaspirini awiri n'kupita kukapalira. Malaya anga adula mkono wonse.


Chapananga
12 Novembala 1978

Mlongo wanga Damiano,

Moni wochuluka ngati mchenga wa mu mtsinje wa Mwanza! Alamu ako a Geresomo akupereka moni, ati uwatumizire chipewa chonga cha pachithunzi chija, azivala pokathamangitsa anyani m'munda. Ine ndili bwino, kungoti ndili ndi pakati pongoyamba kumene, ndiye ndikungolakalaka mango aawisi. Bondo likupeza bwanji? Undilembere ine pandekha, usamangolembera ku Makhanga ngati mlongo ulibe.

Ndinapita kwathu sabata yatha kukalambula manda a atate pa tsiku la mizimu ya omwalira. Ee, ndaiona nkhuku yako! Koma ndiye mfumukazitu. Ikudya mpunga, ikumwa madzi m'kapu ya amayi, ndipo galu akangoyang'ana komweko amalandira chikuni. Amayi amailankhula ngati munthu: "Damiano, wadzuka tani lero?" Kamwendo kake kakumanja kali ndi kansalu kofiira, ndiye ikamadumpha imaoneka ngati yavala sokosi ya mpira. Ndinafunsa amayi kuti wavulala bondo liti, anati lakumanja, momwe achimwene anawerengera. Tsono nanenso ndikamapemphera kolona ndimagwira bondo langa lakumanja, kuti Mulungu asasochere.

Koma achimwene sakundisangalatsa. Aonda, ndipo mpira asiya, ati atopa. Nkhuku ikalowa pakhonde iwo amatuluka. Tsiku lina inawadumphira pamwendo, anaikankha ngati yawaotcha, amayi anawakalipira koopsa. Ndinawafunsa kuti chavuta n'chiyani, anangoti ntchito yachuluka kusukulu. Iwe ukudziwa mtima wawo pa iwe, sindikuuza zachilendo. Koma uziwalembera mawu abwino. Chibale ndi fupa, sichiola.

Kalata iyi ndipatsa alamu ako akamapita ku boma ku Chikwawa kukagulitsa mbuzi. Mvula yagwa kumapiri ndipo Mwanza wadzaza, ndiye sindikudziwa kuti awoloka liti.

Ndine mlongo wako,
Filomena


Makhanga
20 Novembala 1978

Mwananga Damiano,

Ndine mai wako. Nkhuku yayenda! Dzulo ndamasula bango, yaima, yaponda, yathamangira chiwala mpaka kuseri kwa nkhokwe. Siikutsimphina ngakhale pang'ono. Azimayi a kuno aimba nthungululu. Takhuta, tikuthokoza Mulungu. Tsono dzuka, mwananga, ukatenge malo ako. Mnyamata winayo adikire nthawi yake.

Mai wako,
Luisa

Ndawalembera monga anenera. Koma iwe munthu wa digiri, ungasiye mawu a dokotala n'kumvera nkhuku? Ndikanakhala ine ndikanadikira chaka chamawa. Ganiza bwino. Sebastiano.


Ku Amereka
12 Disembala 1978

Achimwene,

Kalata yafika dzulo ndipo ndaiwerenga nditaimirira, opanda ndodo. Muwauze amayi kuti takhuta, takhuta kwambiri.

Ndaona kuti mukundiseka monga mwa masiku onse, ndipo ndaseka nanu. Koma mwendo umene munagoletsera zigoli zonse zija unachira ndi nkhuku, osati ndi digiri. Bondo likadali lotupa pang'ono ndipo potembenuka limachita ngati likufuna kuthawa. Adokotala akukana, koma ndasaina pepala lakuti ndasankha ndekha. Amanga ndi nsalu zomata. Lamulungu likubwerali ndi masewero otsiriza, ndipo ndilowa.

Mphwanu,
Damiano


Ku Amereka
30 Januwale 1979

Achimwene a Sebastiano,

Moni. Kalata iyi musawerengere amayi. Ndi yanu.

Ndinalowa. Ulendo woyamba ndinatchinga bwino, wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinaponda ndi mwendo wamanzere kuti ndikankhe munthu, bondo linapindikira kumene bondo silipindikira. Palibe amene anandigunda. Mnzanga anadutsa kumbuyo kwanga n'kukagoletsa, ndipo anthu onse aja ankakuwa ndi chimwemwe ine ndili pansi ndikuluma udzu. Anding'amba kawiri. Akuti kuyenda ndidzayenda, koma kuthamanga ndiiwale. Timu yandilembera kalata yaulemu kwambiri yonditsanzika. Zaka zinayi, mipira makumi asanu ndi anayi kudza itatu yowakha, basi ntchito yathera pomwepo. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

M'chipatala ndinkangodzifunsa kuti kodi manja a amayi alephera bwanji pa mwana wawo yemwe. Zimenezo zinkandiwawa kuposa bondo.

Dzulo ndalandira kalata ya a Filomena. Inalembedwa mu Novembala, yafika ili ndi madontho a madzi. Ikanafika pa nthawi yake sindikanalowa m'bwalo. Akuti nkhuku inamangidwa mwendo wakumanja. Akuti amayi anati ndi momwe munawerengera.

Achimwene, ine bondo limene likundipweteka ndikulidziwa. Ndikukumbuka kuti ndinalemba kawiri. Koma ndinali nditamwa mankhwala oziziritsa ululu, ndiye mwina mutu unazungulira. Kalatayo ili kwa inu. Muitsekule muone, kenaka mundiuze kuti ndinalemba chiyani. Chimene mudzanene ndidzakhulupirira.

Mphwanu,
Damiano


Ku Amereka
9 Epulo 1979

Achimwene,

Moni kwa nonse. Miyezi iwiri yapita, yankho lanu sindinalione. Ndamva kuti madzi anadula njanji, ndiye mwina ndi chifukwa chake.

Izi mukhoza kuwawerengera amayi. Ndikubwera. Ndidzafika pa sitima ya Loweruka lomaliza la Juni. Asavutike ndi zambiri, ndikungofuna mlamba wowamba ndi kukhala pakhonde. Tsitsi ndameta kale, musaope kuti andibweza pa bwalo la ndege chifukwa cha lamulo lija loletsa amuna tsitsi lalitali.

Damiano


Makhanga
8 Julayi 1979

Filomena,

Moni. Tamva kuti wachira ndi mwana wamwamuna, Mulungu alemekezeke. Wafunsa kuti mlendo wa ku Amereka uja anafika bwanji, popeza sunathe kubwera. Ndikuuza zonse, ndipo kalata iyi usaotche. Uisunge.

Amayi anafika pa siteshoni dzuwa lisanatenthe, ndi azimayi a kutchalitchi, ndi ana anga a sukulu amene ahedi anawafoletsa ngati kukubwera nduna. Sitima itaima, nthungululu zinayamba munthu asanaoneke. Kenaka anatulukira pakhomo, wadzaza khomo lonse, ndodo m'manja. Anatsitsa mwendo wakumanja, unaponda bwinobwino. Wamanzere anachita kuunyamula ndi dzanja.

Nthungululu ya amayi inadukira pakati. Sanamukumbatire. Anagwada pa miyala ya njanji paja, anakwinya buluku lake, anagwira bondo ili, anagwira linalo. Ukuwadziwa manja awo. Anati, "Ili ndi lamanzere." Sananene mokweza. Atatero anatembenuka ali chigwadire n'kundiyang'ana ine.

Filomena, ndinanama ndine. Analemba lamanzere, kawiri, ndi zilembo zazikulu ngati za mwana wa sitandade 1. Tsiku lija ndikuwerenga pakhonde, nditangotchula za bondo, amayi anali atayamba kale kukuwa kuti mwananga, mwananga, atatsekula sutikesi, atagwira malaya anga ndi mpeni. Ine ndinali ndi malungo sabata yomweyo, ndinkanjenjemera pampando pomwepo, osandiona. Nditafika pa mawuwo pakamwa panga panatuluka "lakumanja." Lilime silinaterereke ayi. Ndinasankha. Ndinadziuza kuti ndi nkhuku chabe, ine wophunzira sindikhulupirira zimenezi, palibe chimene chingachitike. Koma ngati sindinkakhulupirira, ndinasinthiranji? Ndinkafuna kuti chinthu chimodzi chokha chimukanike. Nkhuku itayenda ndinachita mantha, ndinamulembera kuti amvere dokotala. Iye anayesa ndikumuseka. Akanaganiza bwanji zina? Zaka zonsezi sindinamulemberepo mawu osaseka.

Ndiye pa siteshoni paja, amayi akundiyang'ana, ndinatsekula pakamwa kuti ndivomere. Sindinapeze mpata. Damiano anasuntha ndi ndodo yake n'kuima pakati pa ine ndi amayi, moti sindinkawaonanso nkhope. Anati, "Amayi, ndinalakwitsa ndine polemba. Mwaiwala mwana wanu? Pa perete ya sukulu onse akatembenukira kumanzere, ine ndinkapita kumanja. Achimwene anawerenga zimene ndinalemba." Anthu anaseka, ahedi anaseka kwambiri, wina anati thupi lalikulu nzeru pang'ono. Iye anaseka nawo. Mudzi wonse tsopano ukudziwa kuti wa ku Amereka anadzipundula yekha chifukwa sadziwa kumanzere.

Mawa lake ndinamupeza kudimba atakhala pa mwadiya wakale uja. Ndinatulutsa kalata yake m'thumba, ndinati, "Unandifunsa kuti unalemba chiyani. Nayi." Sanailandire. Anati, "Ndikudziwa zimene ndinalemba, achimwene." Ndinati nanga bwanji sunanditukwane, bwanji sunandimenye ndi ndodoyo, manja uli nawo. Anati, "Mukanachoka pamudzi pano ndi manyazi, amayi akanatsala ndi yani? Ine ndibwerera, andilonjeza ntchito yophunzitsa ana mpira pa sukulu ina. Komanso ntchito yanga ndi kutchinga. Ina sindiidziwa." Atatero anandipempha kuti ndimugwire dzanja adzuke.

Usaganize kuti amayi anapusitsidwa. Sananene kanthu, mpaka lero sananene. Koma Lamulungu anapha msoti wakuda uja, anaphika ndi mpunga, anagawa okha. Damiano anamupatsa chidale. Ine anandiikira mwendo. Unali wakumanja, fupa lake lili ndi mfundo pamene linalumikizana, lolunga bwino, ntchito yaukatswiri. Anakhala pamphasa moyang'anana nane, manja pamiyendo, osadya, kufikira nditamaliza. Ndinadya wonse.

Lachinayi kalata yako ija yonena za mwana itafika, ndinatambasula dzanja monga ndachitira zaka khumi ndi ziwiri. Amayi anaidutsitsa pamwamba pa dzanja langa n'kupatsa Damiano. Amawerenga mokakamira, amalumpha mapumiro, koma amayi anamvetsera mpaka kumapeto.

Ukuganiza kuti tsopano ndachira, eti? Ndimayesa. Ndimamuona akukoka mwendo kupita kubafa, mtima umandiwawa mpaka ndimathawira kusukulu. Koma ndikuuze zoona, mlongo wanga, poti ndayamba kale. Pansi pa chisonicho kaduka kaja kadakalipo, ndipo kakula. Ndinkati ndikavomera pamaso pa anthu, andinyoze, andilavulire, ndidzakhala ndi kanthu kamodzi kangakanga pamudzi pano. Anatenga ulendo wanga. Anatenga dzina la amayi. Tsopano watenganso tchimo langa, akuyenda nalo pamsika, ndipo anthu akumukonda nalo.

Mwanayo akuti mumutcha Damiano. Mwachita bwino.

Mlongo wako,
Sebastiano